THOMAS WOYERA WA KU AQUINO: MPHUNZITSI AMENE ADAFUNA MULUNGU YEKHA



Pa 28 Januwale Eklezia Katolika pa dziko lonse lapansi amakumbukira Thomas Woyera wa ku Aquino, wansembe wa m'cipani ca Dominic Woyera ndiponso Mphunzitsi wa Eklezia. Ambiri a inu mudamva dzina lace, ena mudalandira dzinalo pa Ubatizo, ndipo ambirinso mudagwadapo pa maso pa Sakramenti Loyera poimba nyimbo imene iye adapeka, osamdziwa mwini wace. Koma alipo ena amene amati: "Woyera ameneyu ngwa ansembe ndi anthu a mabuku, nanga ife a khasu ndi mtondo tiphunzirapo ciani?" Maganizo otere ngolakwa. Eklezia amaika munthu m'gulu la oyera cifukwa ca kukonda Mulungu, ndipo kukonda Mulungu ndi nchito ya mkristu aliyense, wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa yemwe. Tiyeni tsono tione moyo wace, kuti makolo, acinyamata, makamaka inu akatekisiti, aliyense atolepo gawo lace.

MWANA WOFUNSA

Thomas adabadwa ca m'caka ca 1225 m'linga la Roccasecca, pafupi ndi mzinda wa Aquino, pakati pa Rome ndi Naples m'dziko la Italy. Atate ace Landulf ndi amai ace Theodora adali a banja lomveka, eni minda yambiri. Ali ndi zaka ngati zisanu adamtumiza ku Monte Cassino, nyumba yaikulu ya amonke imene adaiyambitsa Benedict Woyera. Makolowo adali ndi ciyembekezo cakuti mwanayu akadzakula adzakhala mkulu wa nyumbayo, ndipo ulemu ndi cuma ca banja zidzaonjezeka.

Olemba mbiri yace akusimba kuti kamnyamatako kadali kuvutitsa aphunzitsi ace ndi funso limodzi lokha, lakuti Mulungu nciani. Funso limeneli silidamcoke mpaka imfa. Mabuku onse amene adalemba pambuyo pace adali kuyesa kuliyankha. Akulu adati safunsa adadya phula. Inu makolo ndi aphunzitsi, mwana akakufunsani za Mulungu musamkalipire ai, musamuuze kuti akhale cete cifukwa ngwamng'ono. Kapena ndi Mzimu Woyera amene akugogoda mu mtima mwace.

Mu 1239 nkhondo ya pakati pa mfumu yaikulu Frederick II ndi Apapa Gregory IX idafika ku Monte Cassino, ndipo Thomas adacokako napita kukaphunzira ku yunivesite ya ku Naples.

NKHONDO YA PA MUDZI

Ku Naples adakomana ndi anthu a cipani catsopano cimene Apapa adacibvomereza mu 1216, cipani ca Alaliki, ana a Dominic Woyera. Anthuwa sadali ndi minda. Adali kuyenda pansi, kupempha cakudya cao, kuphunzira kolimba ndi kulalika Mthenga Wabwino m'mizinda. Thomas adaona kuti Mulungu akumuitanira kumeneko, ndipo mu 1244 adabvala mkanjo wao woyera.

Mbiriyi itamveka kwao, kudali ngati kwagwa maliro. Taganizani mwana amene mudzi wonse ukuyembekeza kuti adzalowa ufumu, tsiku lina watenga thumba nayamba kupemphetsa m'makomo! Amai ace adatuma acimwene ace, amene adali asilikari a mfumu Frederick, ndipo iwo adamgwira pa njira nabwera naye ku linga la kwao. Adamtsekera m'menemo ngati caka cathunthu. Adayesa kumnyengerera, adayesa kumuopsa, adayesa kumbvula mkanjo uja, koma osaphula kanthu. Alongo ace adatumidwa kuti akamtembenuze mtima. Koma iye adayamba kuwaphunzitsa Malembo Oyera, ndipo mmodzi wa iwo adadzipereka kwa Mulungu nakhala sisitere. Potsiriza acimwene aja adalowetsa mkazi wadama m'cipinda cace, poganiza kuti akagwa m'chimo adzacita manyazi nasiya njira yace. Thomas adasolola cikuni ca moto, nampitikitsa mkaziyo, nalemba mtanda pa khoma ndi khala la cikunico, ndipo adagwada napempha Mulungu kuti amsunge woyera moyo wace wonse. Mu 1245 banja lidatopa nimleka apite.

Makolo acikristu, pano pali mau anu. Mwana wanu wamwamuna akati afuna kupita ku seminale, kapena wamkazi akati afuna usisitere, mtima umayamba kuwerenga: tidamlipirira sukulu, nanga tikakalamba adzatisunga ndani, nanga zidzukulu tidzaziona kuti? Nkhawa imeneyi sindiyo yacabe, ndipo Mulungu aidziwa. Koma kumbukirani kuti mwana mudamlandira kwa Mulungu ngati cosungitsa. Thomas yemweyo, amene adaphunzitsa kuti ana ayenera kulemekeza ndi kuthandiza makolo ao, adaphunzitsanso kuti pa nkhani ya kusankha ukwati kapena kudzipereka kwa Mulungu mwana sakakamizidwa kutsata cifuniro ca makolo, pakuti pamenepa munthu ayankha kwa Mulungu yekha. Mumlangize mwana, mumuyese ngati maganizo ace ngokhazikika, mupite naye kwa bambo mfumu. Koma kumtsekera njira ndi kulimbana ndi Mwini wace. Cimodzimodzi kukakamiza mwana ukwati umene saufuna ndi kulakwa kwakukulu.

Ndipo inu acinyamata taonani kuti Thomas sadatukwane amai ace, sadadane ndi abale ace. Adangoima nji, ndipo adawakonda mpaka imfa. Taonaninso kuti pa ciyeso ca dama sadakhale pansi kuti akambirane naco. Munthu wanzeru zotere, wodziwa kuyankha mafunso onse, adadziwa kuti ciyeso cimeneci sacigonjetsa ndi mau koma ndi kucithamangitsa msanga.

NG'OMBE YOSALANKHULA

Akulu a cipani adamtumiza ku Paris, ndipo mu 1248 adatsagana ndi mphunzitsi wace Albert Wamkulu ku Cologne m'dziko la Germany. Thomas adali munthu wamkulu thupi, wofatsa, wosakonda kulankhula, kotero kuti anzace adamucha ng'ombe yosalankhula. Akusimba kuti mnzace wina adammvera cisoni nadzipereka kuti azimfotokozera maphunziro. Thomas adabvomera ndi kuthokoza. Koma tsiku lina mnzaceyo adasokonezeka pa mau obvuta, ndipo Thomas adamlongosolera zonse bwino lomwe. Albert ataona nzeru zace adauza ophunzira kuti ng'ombe imene akuiseka idzalira tsiku lina, ndipo kulira kwace kudzamveka pa dziko lonse.

Mu 1256 adakhala mphunzitsi wamkulu wa za Mulungu ku yunivesite ya Paris. Adaphunzitsanso ku Orvieto, ku Rome ndi ku Naples. Apapa Clement IV adafuna kumuika kukhala Arkiepiskopi wa ku Naples, koma iye adakana, napempha kuti akhale mbale wamba m'cipani cace. Asanalembe kapena kuphunzitsa adali kuyamba wapemphera, ndipo akakomana ndi mau obvuta a m'Malembo adali kusala cakudya ndi kupempha kuunika pa maso pa altare. Mlembi wace Reginald wa ku Piperno adacita umboni kuti nzeru za Thomas zidacokera m'mapemphero koposa m'mabuku.

NZERU NDI CIKHULUPIRIRO SIZILIMBANA

Masiku amenewo m'masukulu akulu mudali mkangano woopsa. Mabuku a Aristotle, Mgriki wanzeru amene adafa zaka zopitirira 300 Kristu asanabadwe, adali atangomasuliridwa m'Cilatini, pamodzi ndi mafotokozedwe a anthu ophunzira acisilamu monga Averroes. Mabukuwo adali kulongosola za cilengedwe ndi za munthu ndi nzeru zakuya, osachula konse Mthenga Wabwino. Akristu ena adacita mantha nafuna kuwaletsa. Ena adawameza onse osatafuna, nayamba kuphunzitsa zosemphana ndi cikhulupiriro, monga kuti dziko lidalibe ciyambi.

Thomas sadatsate gulu lililonse la awiriwa. Adati Mulungu amene adatipatsa nzeru ndi yemweyo amene adatiululira cikhulupiriro, ndipo Mulungu sangadzitsutse yekha. Cifukwa cace coona ciliconse, angacinene ndani, cicokera kwa Iye. Ngati nzeru za munthu zioneka ngati zitsutsa cikhulupiriro, ndiye kuti pena pace munthuyo waphonya poganiza, kapena sadamvetse cimene cikhulupiriro cinena; tiyenera kufufuza mofatsa mpaka tipeze polakwapo.

Adaphunzitsa kuti ndi nzeru zathu zokha tingathe kudziwa kuti Mulungu alipo. Ciliconse cimene tiona cidacokera ku cina, cinaco ku cinanso. Mzere umenewu sungakhale wopanda Mwini wouyambitsa ndi wouciriciza, amene Iye sadacokere kwa wina. Dongosolo la zolengedwa zopanda nzeru, zimene zicita nchito yao mosaphonya, lionetsa kuti alipo Wanzeru amene azitsogolera. Mlenje akaona mapazi pa dothi adziwa kuti padapita nyama, ngakhale sadaione. Ndico cifukwa cace makolo athu akale, amishoni asanafike, adali kuchula kale Cauta, Namalenga, Mphambe. Koma mapazi sangakuuzeni za mu mtima. Kuti mudziwe za mu mtima wa munthu, ayenera kulankhula mwini wace. Cotero kuti mwa Mulungu mmodzi muli Atatu, kuti Mwana adadzicita munthu natifera, sitikadadziwa Mulungu akadapanda kutiuza. Apa nzeru zigwada, zilandira, ndipo zitumikira cikhulupiriro pofotokoza ndi poyankha otsutsa.

Za caulere ca Mulungu adaphunzitsa momwemonso, kuti sicipha umunthu wathu koma ciuciritsa ndi kuukweza. Mlimi akamezanitsa nthambi ya mtengo wabwino pa tsinde la mtengo wamba, sazula tsindelo; mizu ndi yomweyo, koma zipatso ndi zatsopano. Ubatizo sutilanda nzeru, ulemu, kucereza alendo ndi zabwino zina za makolo, uziyeretsa. Cimene caulere cidula ndi chimo lokha, monga kuombeza ula, kumene Thomas adakutsutsa cifukwa ndi kufuna kwa zolengedwa cidziwitso cimene ncha Mulungu yekha.

Mau amenewa ngofunika lero lino. Alipo anyamata ndi atsikana amene akapita ku sukulu zapamwamba nawerenga mabuku awiri atatu, abwera ku mudzi akunyoza Misa, nati za Mulungu nza anthu osaphunzira. Aliponso akristu amene aopa sukulu, poganiza kuti maphunziro aononga ana. Onsewa Thomas Woyera awatsutsa. Nzeru zocepa ndizo zitupitsa mutu. Munthu akazama ndithu aona kukula kwa zimene sadziwa, ndipo adzicepetsa.

CITSANZO CA AKATEKISITI

Buku lace lochuka koposa, Summa Theologiae, adaliyamba ku Rome ca mu 1265, ndipo adalilembera ophunzira oyamba kumene, poona kuti mabuku ena adali kuwasokoneza ndi kuwatopetsa. Lili ndi zigawo zitatu: coyamba cinena za Mulungu ndi zolengedwa zocokera kwa Iye, caciwiri za ulendo wa munthu wobwerera kwa Mulungu, za makhalidwe abwino ndi macimo, cacitatu za Kristu amene ali njira ya ulendowo, ndi za masakramenti ace. Zimene adalemba yekha zikwana mafunso akulu 512.

Taonani kaphunzitsidwe kace. Pa nkhani iliyonse ayamba wafotokoza maganizo a otsutsa, ndipo awafotokoza moona, mwamphamvu, osawapotoza kuti akhale osabvuta kugonjetsa. Atatero apereka ciphunzitso coona, ndipo potsiriza ayankha otsutsawo mmodzi mmodzi, nabvomereza cimene adanena bwino. Ali ngati mfumu yabwino pa bwalo, imene siigamula mlandu isanamve mbali zonse. Inu akatekisiti, wa kalasi akakufunsani funso lobvuta, kapena munthu wa mpingo wina akakutsutsani pa mseu, musayankhe ndi ukali. Mverani mpaka amalize, mupeze ceniceni cimene cikumbvuta, ndipo muyankhe cimeneco. Ngati yankho simulidziwa, nenani kuti mukafunsa kwa ansembe; kupeka yankho ndi kuikira Mulungu mau m'kamwa.

Thomas sadadalire mutu wace wokha. Popemphedwa ndi Apapa Urban IV adasonkhanitsa mafotokozedwe a Makolo a Eklezia, monga Augustine Woyera ndi John Chrysostom Woyera, pa mabuku anai a Mthenga Wabwino, podziwa kuti mau a akulu akoma akagonera. Ndipo mphunzitsi wa mayunivesiteyu sadanyoze anthu wamba: ku Naples adalalika m'cilankhulo ca anthu a komweko, kufotokoza Kumvera kwa Apostoli, pemphero la Atate Athu ndi Malamulo Khumi, zomwezo zimene inu muphunzitsa pansi pa mtengo ndi m'machalichi a kumidzi. Adaphunzitsa kuti kusinkhasinkha za Mulungu nkwabwino, koma kugawira ena zimene wasinkhasinkha nkopambana, monga nyali younikira nyumba ipambana moto wongoyaka pa wokha. Koma wogawira ayenera kukhala naco cogawa. Katekisiti amene satsegula buku pakati pa sabata, amene sapemphera asanaime pa maso pa anthu, afanana ndi mai wopita ku munda kukapatsa olima cakudya atasenza dengu lopanda kanthu.

WOIMBA WA UKARISTIA

Mu 1264 Apapa Urban IV adalamula kuti Eklezia yense azicita caka ca Thupi ndi Magazi a Ambuye, ndipo Thomas ndiye adakonza mapemphero ndi nyimbo za tsikulo. Imodzi mwa izo ndi Pange Lingua, imene ndime zace ziwiri zotsiriza, zochedwa Tantum Ergo, zimaimbidwa pa madalitso a Sakramenti Loyera.

Adafotokoza kuti wansembe akanena mau a Ambuye pa mkate ndi vinyo, umkate ndi uvinyo weniweni usanduka Thupi ndi Magazi a Kristu. Zotsala ndi maonekedwe okha, ndiwo mtundu, kukoma ndi kulemera. Maso ndi lilime sizinama, pakuti zinena za maonekedwe amene alipodi. Koma za cimene cabisika pansi pa maonekedwewo, tikhulupirira mau a Iye amene sanganame. Kristu ali wathunthu m'Ostia yonse ndi wathunthunso m'kacidutswa kalikonse, kotero kuti wolandira kacidutswa sacepekedwa, ndipo anthu cikwi akalandira, Iye satha. Thomas adali kucita Misa m'mawa mulimonse ndi kumvanso Misa ina yothokoza, ndipo kawirikawiri adali kugwetsa misozi pa altare.

Nanga ife? Tifika mocedwa, ticeza pa khomo la chalichi, tilandira Ambuye mtima uli ku msika, ndipo ena apita ku mgonero woyera ali ndi chimo lalikulu losaulula. Ngati munthu wanzeru zotere adanjenjemera pa maso pa Ostia, ife tiyenera kucita ciani?

UDZU WOUMA

Mboni zidasimba kuti ku Naples, Thomas akupemphera pa maso pa mtanda, Ambuye adamuyamikira kuti adalemba bwino za Iwo, namfunsa mphotho imene afuna. Iye adayankha kuti safuna ina koma Ambuye okha. Mau amenewa agwirizana ndi zimene adalemba, kuti cimwemwe ca munthu sicipezeka m'cuma, m'ulemu, m'kuchuka, m'mphamvu kapena m'zokondweretsa thupi, pakuti zonsezi zitha ndipo sizikhutitsa mtima. Cipezeka m'kuona Mulungu maso ndi maso.

Pa 6 Disembala 1273, akucita Misa, cinthu cacikulu cidamcitikira. Kuyambira tsikulo adaleka kulemba, ndipo Summa idatsala yosatha, pakati pa nkhani ya sakramenti la Kulapa. Reginald adamdandaulira kuti apitirize, koma iye adayankha kuti sangathe, cifukwa poyerekeza ndi zimene adaona, zonse zimene adalemba zidamuonekera ngati udzu wouma. Sadanene kuti zolembazo nzabodza ai. Munthu amene adakhala zaka zambiri akufotokozera anzace za nyanja monga adamvera kwa ena, tsiku loima pa gombe naona madziwo ndi maso ace, asowa mau. Zimene adanena zidali zoona, koma nyanja iposa.

Kuciyambi kwa 1274 Apapa Gregory X adamuitanira ku msonkhano waukulu wa Eklezia ku Lyon. Ngakhale adali wofooka adamvera nanyamuka. Pa njira adadwala, napumula kwa mwana wamkazi wa mbale wace ku Maenza, ndipo pambuyo pace adamtengera ku nyumba ya amonke ya Fossanova. Polandira Ukaristia kotsiriza adabvomereza cikhulupiriro cace, napereka zonse zimene adalemba kuti Eklezia wa ku Rome aziweruze ndi kukonza polakwa. Adamwalira pa 7 Malici 1274, asanakwanitse zaka 50.

Ngakhale atafa sadasowe omtsutsa. Mu 1277 Episkopi wa ku Paris adaletsa ziphunzitso 219, ndipo zina mwa izo zidakhudza maganizo a Thomas. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Pa 18 Julai 1323 Apapa John XXII adamlemba m'gulu la oyera, ndipo mu 1325 ciletso ca ku Paris cidacotsedwa pa zonse zomkhudza. Pa 28 Januwale 1369 mafupa ace adawasamutsira ku Toulouse m'dziko la France. Ndico cifukwa cace kuyambira 1969 tsiku lace lidacoka pa 7 Malici, pamene kawirikawiri pamagwa m'nyengo ya Lenti, nilikhala pa 28 Januwale. Apapa Pius V adamucha Mphunzitsi wa Eklezia mu 1567, ndipo Apapa Leo XIII mu 1880 adamuika kukhala nkhoswe ya masukulu onse acikatolika. Msonkhano Waciwiri wa Vatican mu 1965 udalangizanso kuti ophunzira unsembe azame m'zinsinsi za cipulumutso motsogozedwa ndi iye, ndipo ansembe amene adadzera ku Kachebere ndi ku Zomba adamwako madzi a pa citsime cimeneci.

Akristu okondedwa, sitonse tidzalemba mabuku, koma tonse tidzafunsidwa tsiku lina cimene tidafuna pa moyo uno. Makolo, lolani Mulungu aitane ana anu kumene afuna. Acinyamata, phunzirani ndi mphamvu zanu zonse, ndipo musacite manyazi kugwada. Akatekisiti, konzani phunziro lanu ndi buku ndi maondo omwe, ndipo muyankhe anthu mofatsa. Tonse pamodzi tiyandikire Ukaristia ndi mitima yoyera.

Tipemphere: Inu Mulungu, amene mudapatsa Thomas Woyera mtima woyera ndi nzeru zakuya, unikirani aphunzitsi athu, limbitsani ana amene muwaitana, fewetsani mitima ya makolo, ndipo mutipatse ife tonse kukufunani Inu koposa zonse, mpaka tidzakuoneni maso ndi maso. Tikupempha mwa Kristu Ambuye athu. Amen.

Thomas Woyera wa ku Aquino, mutipempherere ife.